Makomiti alipo ambiri, nanga mawu athu amathera pati?

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Moni nonse pagulu pano, assalam alaikum abale athu achisilamu. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti muno m'boma la Mangochi tilimo anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo kulikonse mungapite mupeza komiti: VDC (ya chitukuko cha m'midzi), ya sukulu, ya mjigo, ya zaumoyo, ya nkhalango, kunyanja BVC (ya usodzi padoko). Pamwamba pake pali ADC, komiti ya chitukuko cha dera lonse, kwa T/A (mfumu yaikulu) aliyense, kenako khonsolo. Zambiri mwa izi zinalimbikitsidwa ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, nthawi ija tinkamva pawailesi tsiku ndi tsiku kuti mphamvu ku anthu. Koma imitsani mayi aliyense wochokera kumjigo mumufunse kuti chaka chino mudzi wake unapempha chiyani ku ADC, nanga yankho linabwera lotani. Sadziwa. Nzeru ali nazo, koma palibe anamuuza. Ndiye ndikufunsa: tingatani kuti maganizo a anthu wamba azifika kumene amagawa ndalama, yankho n'kumabwereranso kwa eni ake? Za zipani ayi chonde. Ndikufuna zinthu zoti ife tomwe tingayambe.

Wa kabaza pa Boma:
Aphunzitsi mwagunda penipeni. Ine ndimanyamula anthu opita kumisonkhano imeneyi, ndiye zokamba zawo panjira ndimazimva. Funso loyamba limakhala lakuti kuli alawansi kapena kulibe. Akamva kuti kulibe, ena amandiuza kuti tibwerere.

Mlembi wa VDC kwa Chimwala:
Achimwene a kabaza, musatiphatikize tonse. Ine ndine mlembi wa VDC ndipo palibe amene amatilipira. Timakhala pansi ndi anthu, timalemba zofuna za midzi yathu, timakapereka ku ADC. Kope ndi cholembera ndimagula ndekha, ulendo ndimayenda pa njinga ya mwana wanga. Chimene chimatifooketsa n'chakuti ukapereka pepala lija kumangoti zii. Chaka chitha, kenako mungoona lole ikutsitsa simenti pamalo pomwe simunapemphe n'komwe. Ife tinapempha nyumba ya mphunzitsi, chifukwa aphunzitsi akabwera sakhalitsa, amasowa pogona. Kunabwera china. Anthu akatifunsa tiyankhe chiyani? Mapeto ake amati tadya ndife.

Wa kabaza pa Boma:
Pepani amayi, sindimanena inu. Koma alipo otere, inunso mukuwadziwa.

Mayi wa usipa ku Makawa:
Ine ndiyankhule za ife amayi. Misonkhano amaiitana 9 koloko m'mawa. Nthawi imeneyo ine ndili padoko kulimbirana usipa, ndikatero ndikuyanika pathandala, ndikachoka akhwangwala ndi mbuzi zindithera mpamba. Tsiku lina ndinasiya zonse n'kupita. Abambo anakhala pamipando kutsogolo, ife pansi kumbuyo padzuwa. Mlendo wochokera kutauni anayankhula, amfumu anayankhula n'kunena kuti iwo akuona kuti chofunika ndi chakuti, kenako wapampando anafunsa kuti alipo wotsutsa? Ndani angaimirire kutsutsa amfumu pamaso pa apongozi ake? Tonse tinaomba m'manja. Pobwerera panjira m'pamene amayi anayamba kuyankhula zenizeni, kuti ife chotivuta ndi chimbudzi padoko, kolera ija ya 2022 ndi 2023 inatitengera anthu tikuona. Mawu amenewo anathera panjira pomwepo.

Nduna ya mfumu kwa Jalasi:
Amayi, zimene mwanenazi zandikhudza, ndipo ndikuuzeni kuti si mwambo wathu umenewo. Ine ndakhala pabwalo la milandu zaka zambiri. Pabwalo mfumu siyamba kuyankhula. Amayamba wodandaula, kenako woyankha mlandu, mboni, ankhoswe ngati ndi za banja, ife nduna timafunsa mafunso, anthu amaponyapo mawu. Mfumu imakhala chete kumvetsera, ndipo imayankhula pomaliza itamva mbali zonse. Makolo anadziwa kuti wamkulu akayamba, ang'ono amangovomera. Koma pamisonkhano ya chitukuko tinatengera dongosolo la maphwando aboma, loti akuluakulu ayambe ndi malonje, mpaka dzuwa lifike pamutu anthu atatopa. Tikanangobwezera za pabwalo zija, kuti amfumu ndi alendo aziyankhula kumapeto, zambiri zikanasintha popanda kuwononga ndi tambala yomwe.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
A nduna, zimenezi sindinaziganizepo. Ndazilemba.

Mnyamata wa ku Joni:
Moni akuluakulu, ndikuwerenga ndili kuno ku Johannesburg. Ine ndinena mosabisa, a nduna mundikhululukire. Mafumu ambiri ndi amene akutibweza m'mbuyo. Mayina a olandira thandizo amalemba abale awo, malo a m'mbali mwa nyanja amagulitsa anthu osadziwa, lero mwana wobadwira pomwepo akusowa podutsa kukatunga madzi. Ife tinathawa kwathu chifukwa cha zomwezi. Maganizo anga ndi akuti ndalama iliyonse ya chitukuko iziikidwa pa foni, aliyense aziona kuti yalowa zingati, yatuluka zingati. Kuvota pa zitukuko kuzichitikanso pa foni, mafumu asakhudzeko.

Nduna ya mfumu kwa Jalasi:
Mwana wanga, mafumu olakwa alipo, sindikana. Koma mayi ako akadwala usiku kapena malire a munda akavuta, foniyo siibwera. Konza mfumu, usachotse bwalo.

Mayi wa usipa ku Makawa:
Achimwene a ku Joni, foni ya WhatsApp m'gulu lathu la amayi tili nayo ochepa kwambiri. Ena foni ndi ya abambo, amaigwira akapempha. Mukaika zonse pa foni ndiye kuti mwatitsekeranso kunja kachiwiri. Bandulonso ndi ndalama.

Agogo opuma, kale alangizi:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi m'mbali mwa nyanja, ndiye ndiloleni ndikambe za Malombe, chifukwa zimene mukufunsazi zinayesedwa kumeneko ife tikuona.

Mu 1982 chambo chogwidwa m'nyanja ya Malombe chinaposa matani 8,000. Patangotha zaka khumi sichinkafikanso ndi matani 1,000 omwe. Makoka a maso ang'onoang'ono, a kambuzi ndi nkacha, ankakokolola ndi kasawala yemwe, ana a chambo, n'kumasalaza pansi pomwe chambo chimakumba zisa zake. Boma linaona kuti alangizi ndi apolisi paokha sangathe, ndiye mu 1993 kunayambika ma BVC ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu azitenga nawo mbali posamala nsomba. Ganizo linali labwino zedi. Koma m'makomiti ambiri munalowa anthu oti sanagwirepo nkhafi, pomwe alovi, amene amagona pamadzi, anatsala kunja. Poyamba pamisonkhano pankakhala kangachepe, katatha ena anagwa ulesi. Mafumu ena anaona ngati komiti ikuwalanda ulemu umene ankalandira padoko. Asodzi anayamba kuona BVC ngati maso a boma, osati chinthu chawo. Mpaka lero chambo cha ku Malombe sichinabwerere mmene chinalili.

Tsono taonani chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la mfumu Makanjira ya kumeneko, osati yathu ya kuno. Kuyambira zaka za m'ma 1950 iwo amatseka usodzi nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Pachilumbapo mowa saloleza, wophwanya lamulo amathamangitsidwa, ndipo tsiku lotsegula ndi lotseka kumakhala mwambo, anthu onse alipo, malamulo amanenedwa poyera aliyense akumva. Palibe pulojekiti inawayambitsira zimenezi. Lamulo anapangana okha, ndipo akatsegula amaona ndi maso awo kuti utaka wachuluka. N'chifukwa chake lakhala zaka zonsezi.

Ine phunziro limene ndinatengapo ndi ili: komiti yobwera ndi galimoto imapitanso ndi galimoto. Musayambe ndi kufunsa kuti tipange komiti yanji. Yambani ndi kufunsa kuti lamuloli likaluma, liluma ndani, ndipo munthu ameneyo analipo popangana?

Msodzi wa ku Msaka:
Agogo mwanena zoona, koma chimodzi simunatchule. Njala. Nyanja amatseka mu Novembala ndi Disembala, nthawi yomwe chimanga chadula, kumunda kukufunika mbewu ndi feteleza. Mwini khoka ali ndi golosale, ali ndi nyumba za lendi, akhoza kudikira. Mlovi ngati ine ndikapanda kulowa m'madzi lero, mawa ana agona ndi njala. Ndiye mukandipeza ndi neti ya udzudzu musaganize kuti sindidziwa kuti ndikupha nsomba za mawa. Ndikudziwa kuposa amene amabwera kudzatiphunzitsa. Chinanso chimatipweteka mtima: maboti aakulu a anthu andalama timawaona usiku akukoka pafupi ndi gombe, palibe amawagwira. Koma ukonde wa munthu wosauka amautentha anthu akuonerera. Lamulo loluma mbali imodzi ife sitingalikonde.

Agogo opuma, kale alangizi:
Sindikutsutsa mwana wanga. Zimene wanenazi n'zimene zinkafunika kumveka mu 1993 muja, zikuchokera pakamwa pa mlovi.

Wophunzira ku Zomba, kwathu kwa Makanjira:
Zikomo agogo, zikomo achimwene a ku Msaka. Zimene mukukambiranazi zikugwirizana ndi zomwe anapeza mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009. Iye anafufuza madera ambiri padziko pomwe anthu amagwiritsa ntchito chinthu chimodzi, monga nyanja, nkhalango kapena madzi a mthirira. Anapeza kuti zimakhalitsa pomwe ogwiritsa ntchitowo amapanga nawo malamulo, pomwe olondera amayankha kwa anthuwo, pomwe chilango chimayamba chaching'ono n'kumakula munthu akabwereza, komanso pomwe pali bwalo lapafupi losadula lothetsera mikangano. Kutentha ukonde wa munthu tsiku loyamba lomwe, wina wamkulu akudutsa osakhudzidwa, n'kuphwanya zonsezi nthawi imodzi.

Pa nkhani ya amayi a VDC ija, yoti mukapereka pepala kumangoti zii, lamulo lilipo lotithandiza. Lamulo la ATI, lopatsa nzika ufulu wopeza zimene ikufuna kudziwa m'maofesi aboma, linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Munthu aliyense akhoza kulemba kalata kufunsa kuti ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, kapena za chitukuko china m'dera lathu zinali zingati, anapatsidwa ntchito ndani, analipidwa zingati. Ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limayang'anira kuti lamuloli likutsatidwa. Ambiri sitiligwiritsa ntchito chifukwa sitilidziwa, kapena timaopa kuti atiyesa achipani chotsutsa.

Mlembi wa VDC kwa Chimwala:
Achemwali, mantha amenewo ndi enieni. Ine ndikalemba ndekha kalata yotere, mawa dzina langa lichoka pa mndandanda uliwonse.

Wophunzira ku Zomba, kwathu kwa Makanjira:
N'chifukwa chake isamalembedwe ndi munthu mmodzi amayi. Isainidwe ndi VDC yonse, agulupu adinde chidindo, a mpingo ndi a mzikiti aikepo mayina. Anthu makumi atatu n'kovuta kuwalemba chizindikiro onse.

Shehe wa ku Malindi:
Wa alaikum salaam aphunzitsi, moni nonse. Ine ndiwonjezere pa za kuwerenga poyera. Kumzikiti kwathu tikamanga kapena kukonza denga, Lachisanu tikatha Juma msungichuma amaimirira n'kunena kuti zalowa zakuti, tagula malata angati, zatsala zakuti. Anzathu akumatchalitchi amachitanso chimodzimodzi Lamulungu. Palibe amaona ngati tikumunyoza msungichuma, ndi mmene timamutetezera ku miseche. Nanga bwanji ndalama za mjigo, za sukulu, za mlatho, zomwe ndi za tonsefe, Asilamu ndi Akhristu, zimakhala zachinsinsi? Ine ndili wokonzeka kupereka mphindi zochepa tikatha mapemphero kuti a VDC azidzanena zimene apempha ndi zimene ayankhidwa. Ndale zokha asabwere nazo pakhomo la mzikiti.

Mayi wa usipa ku Makawa:
Ashehe mwandikumbutsa banki mkhonde yathu. Bokosi lathu lili ndi maloko atatu, makiyi amasunga amayi atatu osiyana, ndipo amene amasunga bokosilo alibe kiyi ndi imodzi yomwe. Tikakumana timakhala mozungulira pamkeka, bokosi pakati. Asanatsegule, wapampando amafunsa kuti sabata yatha tinatseka ndi zingati, ndipo tonse timayankha pamodzi, ngakhale amene sadziwa kuwerenga amasunga nambalayo pamtima. Akatsegula, owerenga ndalama awiri amayala makwacha pa chitenje n'kuwerenga mokweza. Ikaperewera ngakhale K200 sitibalalika mpaka ipezeke. Ambiri mwa ife sukulu tinalekezera kupulaimale, koma ndalama zathu sizisowa chisawawa. Pomwe komiti ya mjigo m'mudzi momwemo timasonkha mwezi ndi mwezi, mjigo utawonongeka anatiuza kuti m'thumba mulibe kanthu. Anthu ake ndi omwewo, mudzi ndi womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama za mjigo ankasunga munthu mmodzi kuchipinda kwake.

Wa kabaza pa Boma:
Koma ma banki mkhonde ena amagwanso amayi. Mlamu wanga anathawitsidwa ndalama.

Mayi wa usipa ku Makawa:
Amagwa akayamba kubwereketsana kuseri, bokosi lisanabwere pagulu. Kafunseni bwino mlamu wanuyo, mupeza kuti ndi mmene zinayambira.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Apa nkhani yayamba kuoneka mutu wake. Koma tibwerere kwa amayi aja anaomba m'manja pamsonkhano mtima ukukana. Ngakhale amfumu atayankhula pomaliza, alipo amene sangatsegule pakamwa pagulu, makamaka atsikana ndi akamwini. Mkamwini kuno amadziwa yekha kuti mudzi si wake. Tingawamve bwanji?

Mlembi wa VDC kwa Chimwala:
Aphunzitsi, njira ilipo ndipo ndinaionapo ikugwira. Anthu amayamba akhala m'magulu, amayi paokha, achinyamata paokha, abambo paokha, gulu lililonse litchule zofuna zake. Zikasonkhanitsidwa, chofuna chilichonse chimakhala ndi chitini chake, pachitinipo ajambulapo chithunzi, mjigo, sukulu, mlatho, kuti wosawerenga asasokonezeke. Zitinizo amaziika kuseri kwa chitenje chomangidwa pamitengo iwiri. Aliyense amapatsidwa njere zitatu za chimanga, amalowa yekha, amaponya mmene akufunira. Pomaliza amakhuthula pamphasa n'kuwerenga onse akuona. Tsiku limenelo zimene zinapambana sizinali zimene akuluakulu ankayembekezera, ndipo palibe anakwiyira mnzake chifukwa palibe anadziwa kuti waponya pati.

Mnyamata wa ku Joni:
Chimanga aliyense ali nacho kunyumba amayi. Wina abwera nacho m'thumba chodzaza dzanja.

Mlembi wa VDC kwa Chimwala:
Ndiye tiziviika mu utoto m'mawa wa tsiku lomwelo, mtundu wake osauza munthu. Komanso timawerenga anthu amene alowa, njere zikaposa timadziwa.

Mnyamata wa ku Joni:
Chabwino, pamenepo ndagonja. Koma ife tili kunja kuno timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, nyumba zamalata zambiri kwathuko ndi thukuta la kuno. Tikufuna tizimva nafenso. Wina azijambula zimene zawerengedwazo n'kuponya pagulu pano.

Wophunzira ku Zomba, kwathu kwa Makanjira:
Zoponya njerezi musaziderere, mayiko ena anafika nazo patali. Mzinda wa Porto Alegre ku Brazil unayamba mu 1989 kulola anthu wamba kusankha okha mmene gawo la ndalama za mzinda ligwirire ntchito, ndipo madera osauka anayamba kulandira madzi ndi misewu chifukwa eni ake ankabwera kudzavota. Palinso njira ina imene ndikufuna tiiganizire, yosankha anthu mwa maere. Ku Ireland mu 2016 anasonkhanitsa nzika 99 zosankhidwa mwa njira imeneyi kuti zikambirane nkhani zikuluzikulu za dziko. Konkuno ku Salima anayesapo mu 2020, anthu wamba osankhidwa mwa maere anakhala pansi kukambirana za kayendetsedwe ka CDF. Ubwino wake ndi wakuti munthu wolowa mwa maere sanagule aliyense mowa kapena chitenje kuti alowe, ndiye alibe ngongole ndi munthu. Bwanji pa komiti iliyonse ya ntchito ya chitukuko, anthu atatu kapena anayi azilowa mwa maere kuchokera m'kaundula wa mudzi, ntchito yawo ikhale kuona malisiti ndi kuwerenga matumba a simenti akamatsitsa?

Nduna ya mfumu kwa Jalasi:
Apa pokha ndikukayika mwana wanga. Maere akhoza kugwera chidakwa kapena munthu woti sadziwa ndi kulemba dzina lake. Udindo umafuna munthu wodziwika khalidwe.

Msodzi wa ku Msaka:
A nduna, ine kulemba ndimavutika, uthengawu akundilembera mwana wa mchemwali wanga. Koma matumba a simenti ndikhoza kuwerenga, ndipo mchenga ukachuluka m'dothi lomangira ndimadziwa ndi dzanja. Odziwika khalidwe aja ndi amene akhala m'makomiti zaka zonsezi. Tiyeseniko ife.

Nduna ya mfumu kwa Jalasi:
Ndamva. Ngati ntchito yawo ndi kuona ndi kudzanena pagulu, osati kusunga ndalama, ndikhoza kuvomera. Koma mudzi ukhale ndi mphamvu yokana munthu amene aliyense akudziwa kuti mutu wake suyenda bwino.

Wophunzira ku Zomba, kwathu kwa Makanjira:
Mphamvu yokanayo ndi imene ndikuiopa a nduna, chifukwa mawa idzagwiritsidwa ntchito pokana amene amafunsa mafunso ovuta. Tisagwirizane msanga pamenepa, aliyense akaganizire.

Wa kabaza pa Boma:
Zonsezi ndi zabwino koma nsomba zikuluzikulu simukuzikhudza. Phungu akapita ku Lilongwe osabweranso zaka zisanu, timuchita chiyani? Bwanji tisamuchotse pakati panjira?

Agogo opuma, kale alangizi:
Mphamvu imeneyo tinali nayo pa pepala. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anali ndi gawo 64 lolola anthu kuchotsa phungu wawo, koma aphungu analichotsa mu 1995. Anthu akhala akulira kuti libwerere, ndipo n'koyenera kupitiriza kulira. Kumbukiraninso kuti makhansala tinasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zinatizoloweretsa kuti chilichonse, ngakhale bokosi la maliro, tizipempha kwa phungu. Mpaka lero ambiri sadziwa kuti ntchito ya khansala ndi chiyani. Koma ndikupempheni, za gawo 64 zisatiiwalitse zapafupi. Mu 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti chifukwa panali anthu amene anasunga mapepala a zotsatira n'kuwaonetsa. Mudzi umene sutha kufunsa lisiti la mjigo udzavutika kufunsa phungu za mamiliyoni.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Pa za foni ndi wailesi, ndikuona kuti a ku Joni ndi amayi a ku Makawa onse ali ndi mfundo. Kusukulu kwathu khoma lina loyang'ana kumsewu lili bwino, tikhoza kulipaka utoto wakuda likhale bolodi. Pazilembedwa ndi choko zinthu zinayi zokha: tinapempha chiyani, tsiku liti, anayankha chiyani, ndalama zingati. Pomwe sanayankhe pazikhala popanda kanthu, aliyense wodutsa aziona. Wa foni azijambula n'kutumiza kwa anzathu akunja. Wailesi za m'dera ngati Dzimwe zimafika kumene netiweki safika, tikhoza kuwapempha kuti aziwerenga zomwezo.

Shehe wa ku Malindi:
Zikamawerengedwa ziziwerengedwanso m'Chiyao aphunzitsi. Kwa Katuli, kwa Makanjira, kwa Bwananyambi kuli agogo athu ambiri amene Chichewa amamva koma kufunsa funso lozama amafuna chiyankhulo chawo. Manambala m'Chingerezi okha ndi njira inanso yobisira.

Msodzi wa ku Msaka:
Ine funso langa la njala silinayankhidwe. Bolodi ndi labwino, koma Novembala akubwera.

Mayi wa usipa ku Makawa:
Achimwene, nafenso nyanja ikatsekedwa malonda amaima. Ife timagawana za banki mkhonde mu Disembala dala, kuti nthawi yovutayo tikhale ndi kogwira. Alovi bwanji osayamba yanu, muzisunga pang'ono miyezi imene usipa wagwa bwino, n'kugawana nyanja ikatsekedwa? Ndikhoza kubwera ndi amayi awiri kudzakuonetsani mmene timachitira.

Msodzi wa ku Msaka:
Alovi ndi anthu oyendayenda amayi, lero ali ku Msaka, mwezi wamawa ali ku Malembo kapena ku Makanjira kutsata nsomba. Bokosi litsala ndi ndani? Komabe bwerani, alipo okhazikika amene angayambe. Koma eni makoka nawonso aziikapo kanthu, phindu lalikulu amatenga ndi iwo. Ndipo za maboti aakulu zija ndikufuna zilowe m'kalata imene achemwali a ku Zomba akunenayo. Tifunse kuti chaka chathachi anagwidwa angati, analipira zingati.

Wophunzira ku Zomba, kwathu kwa Makanjira:
Limenelo ndi funso loyenera ndipo lamulo likulola kulifunsa. Ikhala kalata yachiwiri, yopita ku ofesi yoona za usodzi, BVC yanu isaine. Ndilemba zonse ziwiri m'Chichewa usiku uno, muziwerenge, musinthe pomwe sipakumveka.

Mlembi wa VDC kwa Chimwala:
Ine ndikakamba ndi agulupu mawa za kuyankhula pomaliza ndi za zitini zija. A nduna, ngati mungawaimbire foni inu nomwe zingandipepukire, mawu otere amamveka bwino akachokera kwa mnzawo wa pabwalo kusiyana ndi kwa ine.

Nduna ya mfumu kwa Jalasi:
Nditumizireni nambala yawo kumbali amayi, ndiwaimbira ndikachoka kumunda.

Mayi wa usipa ku Makawa:
Nthawi ya msonkhano musaiwale. Masana dzuwa litapendeka, usipa titaanula.

Msodzi wa ku Msaka:
Ndipo kwa ife a kunyanja muziitana masiku amene mwezi ukuwala kwambiri. Nthawi imeneyo nyali sizikoka usipa, ambiri sitilowa m'madzi, timakhala pagombe kusoka maukonde. Mukaitana mwezi uli mumdima mudzapeza tonse tili m'tulo, mudzanenanso kuti asodzi safuna chitukuko. Amayi a ku Makawa, inunso mubwere masiku omwewo, ndiwauziratu anzanga.